DeMbare ndi ya yani? Zolemba za ulendo wanga wa ku Harare

Lachiwiri usiku

Ndafika. Ndikulemba ndili pabalaza kwa amalume ku Mbare, miyendo itatupa chifukwa chokhala m'basi tsiku lonse. Tinanyamuka ku Blantyre kusanache, tinadinditsa mapasipoti ku Mwanza ndi ku Zobue, ndipo Zambezi tinawolokera pa Tete dzuwa lili paliwombo. Ku Tete kumatentha ngakhale mwezi uno wa July. Pomwe tinachedwa kwambiri ndi pa Nyamapanda, poti basi inadzaza ndi amayi a geni ndipo aliyense anali ndi katundu woti amasule. Kuchoka pamenepo msewu umadzera ku Mutoko ndi ku Murewa, uku ndi uku mapiri a miyala yosanjikizana. Ulendo wonse ndi wa makilomita pafupifupi 600, koma mu Harare tinalowa kutada, kukuzizira koopsa.

Anadzandichingamira ndi msuweni wanga, mwana wachisamba wa amalume. Anabadwira konkuno, ku Malawi anapitako ali wamng'ono, koma Chichewa amayankhula ndithu, chosakaniza ndi Chishona apa ndi apo. Anavala jekete, mkati mwake jezi ya buluu. Atafunsa za amayi ndi za kumudzi, tisanakwere n'komwe kombi (minibasi ya kuno), anati: "Asuweni, a Pasuwa mutibwezera liti?"

Nkhope yake inaonetsa kuti sakucheza. Kalisto Pasuwa ife timamudziwa ngati mphunzitsi amene anabwera ku Bullets mu 2018 n'kutipatsa ligi kasanu motsatizana, ndipo pano ali ndi Flames. Kuno amamukumbukira chifukwa ndiye anapatsa Dynamos, timu ya mpira ya ku Mbare yomwe amaitchanso DeMbare, ligi zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2011 mpaka 2014. Chichokereni iye, timuyi sinatengenso ligi. Chaka chino cha 2025 zafika poipa: ili m'gulu la matimu anayi akumunsi omwe amatuluka mu ligi pakutha pa chaka. Ndaona kale kuti m'nyumba muno nkhani ya mlungu uno ikhala imeneyi.

Lachitatu

Amalume anandidzutsa m'mamawa kuti tikayende. Zaka zawo zapitirira 70, amayendera ndodo, koma palibe khwalala la mu Mbare lomwe salidziwa. Anabwera kuno ali mnyamata kutsatira agogo anga aamuna, omwe anadzera ku Mthandizi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, kenako n'kupeza ntchito m'tauni. Amayi anga anatsala kumudzi ndi agogo aakazi. Mabanja ambiri a kwathu anagawika chomwecho.

Tinayambira ku Musika, komwe malole a tomato, kabichi ndi mbatata amatsitsa katundu usiku wonse ndiponso komwe mabasi opita kumidzi amanyamukira. Tinadutsa ku Mupedzanhamo, msika wa kaunjika, n'kufika pa midadada ya Matapi. Nyumba zosanjikizanazi atsamunda anamangira amuna okhaokha obwera kudzagwira ntchito, koma lero chipinda chimodzi chimagona banja lathunthu, ndipo madzi oipa amayenderera panja ana akusewera mpira wachikulunga pompo. Anandionetsanso Stodart Hall, holo yakale yomwe maliro a ngwazi za dziko lino amayamba afikirako asanapite kumanda a Heroes Acre.

Titafika pampanda wa bwalo la Rufaro, amalume anaima.

"Mphwanga, pano ndi pamene ndinakulira."

Anandifotokozera kuti Dynamos, yomwe imasewerera pabwaloli, inabadwa mu 1963, dera lino likutchedwa Harare, tauni ya azungu ikutchedwa Salisbury. Osewera achikuda ochokera ku Salisbury City ndi Salisbury United anagwirizana zoyambitsa timu yawoyawo, n'kuitcha dzina potengera Dynamo ya ku Kiev. Chaka chomwecho inatenga ligi. Amalume amatchula mayina a anthu a nthawi imeneyo mwaulemu, mmodzimmodzi: Sam Dauya, Obadiah Sarupinda, Josiah Akende, Richard Chiminya, Bernard Marriot. Kenako Freddy Mkwesha yemwe anakasewera ku Portugal, ndi George Shaya yemwe anasankhidwa kasanu kukhala katswiri wa chaka m'dziko lino. Atafika pa Moses Chunga mawu awo anakwera. "Ameneyo ndi mwana wakwathu, makolo ake ngochokera ku Malawi. Akagwira mpira bwalo lonse limaimirira. Mpaka ku Belgium anakafika." Anakumbukiranso Joseph Kamwendo, yemwe mu 2005 anakhala katswiri wa chaka ali ku CAPS United, adani awo a mumzinda uno. Akuti tsiku limenelo anakangana ndi anzawo chifukwa chonyadira munthu wovala zobiriwira.

M'bwalo lomweli ndi momwe mbendera ya Britain inatsitsidwa usiku wa pa 17 April kuchera pa 18 April 1980. Amalume anali m'chikhamu cha anthu omwe anatsala kunja kwa mpanda.

Chomwe chandikhudza ndi chimene ananena tikubwerera. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lomwe anakuliramo, ena kubadwiramo kumene. Zitupa zawo zinawaonetsa ngati obwera, kuvota sanaloledwe, mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 atabwera kudzakonzako zina. "Zaka zonsezo," anatero amalume, "ku ofesi amandifunsa kuti kwanu n'kuti. Pachipata cha Rufaro palibe anandifunsapo. Ukavala buluu ndiwe wathu, basi."

Munthu wotere ukamamuuza kuti ndi mpira chabe, asadandaule, ndiye kuti sunamumve.

Lachinayi

Lero ndinatsagana ndi msuweni ku ntchito kwake ku Siyaso, komwe amawotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo. Ndi malo aphokoso, nyundo ndi magalainda kuyambira m'mawa, ndipo chilichonse chachitsulo chimapezeka, chatsopano ndi chakale chomwe. Masana tinakadya nsima ya nyama ya ng'ombe ndi repu pa shedi ya mayi wina yemwe makolo ake anachokera ku Dedza. Pa benchi pomwepo panali bambo wachikulire wa Chiyao, wokhoma ndowa ndi mbaula, ndi anyamata awiri owotcherera. Atamva kuti ndachokera ku Blantyre, onse anasiya Chishona n'kuyamba Chichewa, aliyense momwe amathera. Sipanatenge nthawi, nkhani inagwera pa DeMbare.

Anayamba ndi bambo wa ndowa uja. Iwo mlandu wonse amaupereka kwa osewera. "Ana a lero alibe mtima. Jezi ija ndi yolemera, si yoti aliyense avale. Kale munthu asanalowe m'timu yaikulu amayamba wapsa kaye m'timu ya ana, akuluakulu akumuona. Lero akungotola aliyense amene wasiyidwa ndi matimu ena. Masewero atatu, anayi, osaona chigoli. Womwetsa zigoli wanji woopa goloboyi?"

Mayi wa nsima anaika chipande pansi. "Bambo, inuyo mungakhome ndowa mwezi wathunthu osalandira kanthu, n'kumamwetulirabe?" Anati iye anasungapo mnyamata wosewera mu ligi yomweyi, m'chipinda chakuseri kwa nyumba yake. Lendi amapereka mochedwa, ku zokonzekera nthawi zina amapita wapansi, ndipo tsiku lomwe anavulala bondo anamuperekeza kuchipatala ndi iyeyo. "Lamulungu mukumutukwana kuti alibe mtima, Lolemba ine ndikumupatsa nsima ya ngongole."

Zimene mayiyu amanena si zachilendo kwa aliyense wotsatira mpira wa kuno. Osewera a Dynamos akhala akunyanyala zokonzekera kangapo m'zaka zapitazi pofuna mabonasi ndi ndalama zosainira kontrakiti. Christian Epoupa wa ku Cameroon, yemwe anawagoletsera zigoli zambiri mu 2017, anachoka chifukwa cha ndalama zomwe sanalipidwe, nkhani mpaka inakafika ku FIFA.

Mmodzi mwa anyamata aja anati vuto ndi aphunzitsi. Apa msuweni wanga anayamba kuwerenga ndi zala: David Mandigora, Mpwitikizi Paulo Jorge Silva, Lloyd Mutasa, Lloyd Chigowe, Tonderai Ndiraya, Herbert Maruwa, Genesis Mangombe, kenako Chigowe kachiwiri, ndipo chaka chino asinthanso kale. "Onsewa n'zitsiru? Ndiraya tinati walephera, wapita ku Simba Bhora, 2024 watenga ligi. Pasuwa uyu wakatenga makapu kwa asuweni angawa mpaka osowa poika. Munthu akachoka pano amachita bwino. Ndiye vuto lili pati?"

Yankho lake aliyense pa benchipo amalidziwa, ndipo linatuluka ndi mkwiyo: umwini.

Nkhani yake ili chonchi. Kuyambira pachiyambi, mphamvu mu Dynamos zinali m'manja mwa omwe anaiyambitsa ndi osewera akale. Pambuyo pake panadzakhazikitsidwa kampani, ndipo mkangano wa yemwe ali ndi masheya angati wakhala ukupita kukhoti kwa zaka zambiri. Lero wapampando wa bodi ndi a Bernard Marriot Lusengo, mmodzi mwa oyambitsa aja a 1963, omwe amati masheya 51 pa 100 alionse ndi awo. Gulu la osewera akale limatsutsa zimenezo. Bodi ndiyo imasankha komiti yoyendetsa timu tsiku ndi tsiku. Wochemerera wamba, yemwe timuyi imanyadira kuti alipo 7 miliyoni, alibe voti paliponse.

"Ku Highlanders," anatero msuweni, kunena timu yaikulu ya ku Bulawayo, "munthu umagula khadi la umembala, umapita ku msonkhano wa pachaka, umafunsa za ndalama, umavota. Ife timangolipira pachipata n'kumaimba."

Bambo wa ndowa sanagonje. "Nanga Highlanders yakoyo ligi inatenga liti komaliza? 2006. Voti imagoletsa?"

Panali chete pang'ono, chifukwa funsolo ndi loona. Kenako onse anatembenukira kwa ine kuti ndinene momwe tinachitira kwathu. Ndinawauza kuti Bullets nayo inadutsa m'moto womwewu: ngongole, makomiti okanganirana ndalama za pachipata, masapota ena olowerera mpaka posankha osewera. Kampani ya Nyasa Manufacturing italowa n'kuitenga timu, malipiro anayamba kubwera pa nthawi yake, panakhala ofesi yeniyeni ndi matimu a achinyamata, ndipo makapu anatsatira. Kwa neba wathu, Manoma, nakonso anapanga kampani motsogozedwa ndi a Thomson Mpinganjira. Koma ndinawauzanso kuti mpaka lero Maule alibe bwalo lawolawo, timasewerabe pa Kamuzu Stadium ya boma, ndipo sapota wa ku Ndirande alibe mawu pa momwe timu ikuyendera kuposa wa ku Mbare.

Maganizo anga, omwe ndinawanena pomwepo ndipo ndikuwalembanso pano, ndi akuti kufunsa kuti mwini ndani n'koyenera, koma pali funso lina lofunika kuyamba: mwiniyo amayankha kwa yani? Akhale munthu mmodzi, kampani kapena mamembala, ngati palibe tsiku lomwe amaima pamaso pa anthu n'kunena kuti zinalowa ndi izi, zinatuluka ndi izi, ngongole ndi izi, mkwiyo wa anthu umasowa kopita. Ukasowa kopita umakagwera pa mnyamata wa zaka 20 amene waphonya chigoli, chifukwa ndi yekhayo amene akuoneka.

Mayi wa nsima anandiwonjezera nthuli ya nyama osandilipiritsa.

Lachisanu

Tsiku la m'tauni. Ndinayenda mu First Street, ndinapuma pa Africa Unity Square, mitengo ya jakaranda ili mbuu poti maluwa ake amadza cha mu September ndi October. Zinthu zambiri amagulitsa m'madola a ku America, koma chenji chaching'ono nthawi zina amakubwezera mu ZiG, ndalama yomwe inayamba mu April 2024, ndiye mlendo umafunika kufunsa bwino usanapereke ndalama kwa kondakitala.

Masana ndinakwera kombi ya ku Warren Park kuti ndikaone National Sports Stadium, bwalo lalikulu lomwe linamangidwa ndi thandizo la China n'kutsegulidwa mu 1987, lokwana anthu pafupifupi 60,000. Ndinangolionera kunja. CAF inaliletsa kuchititsa masewero a mayiko, choncho timu ya dziko lino, Warriors, yakhala ikulandirira alendo ake ku Rwanda ndi ku South Africa. Dynamos nayo chaka chatha, itapita ku mpikisano wa CAF Confederation Cup, masewero ake apakhomo inakasewerera ku Botswana. Ifenso tikudziwa ululu umenewu, Flames inalandirirapo alendo ku Johannesburg mu 2021.

Madzulo magetsi anazima. Tinakhala mozungulira mbaula, ndipo amalume anayamba nkhani ya 1998 popanda wowafunsa. Chaka chimenecho Dynamos, pansi pa Sunday Chidzambwa, inafika mu ndime yomaliza ya CAF Champions League kukumana ndi ASEC Mimosas ya ku Ivory Coast. Ku Harare analepherana 0-0, amalume ali m'bwalo lomwe ndinakaliona masana lija. Ku Abidjan kaputeni Memory Mucherahowa anavulazidwa pa mkangano masewero asanayambe n'kukathera kuchipatala, ndipo timu inagonja 4-2. Amalume amaifotokoza nkhaniyi ngati yachitika dzulo, mpaka azakhali anawadula kuti tiyi akuzizira. Mu 2008 anafikanso mu ndime yachiwiri kwa yomaliza. Palibe timu ina ya dziko lino yomwe inafikapo mu fainolo ya chikho chimenechi.

"Nanga ndalama za zaka zimenezo zinagula chiyani?" anafunsa msuweni mumdimamo. "Bwalo tilibe, la Rufaro ndi la khonsolo. Pochitira zokonzekera timachita kubwereka. Zaka 62, bambo."

Amalume sanayankhe.

Loweruka

Tinapita ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzinda, kukaona abale a azakhali. Mabvuku ndi Tafara ndi madera omwe muli anthu ambiri a kwathu, ambiri mwa makolo awo anali ogwira ntchito m'nyumba za azungu ndi ku fakitale ya simenti. Chichewa chimamveka m'misewu, ndipo tikudutsa tinamva ng'oma za gule wamkulu chapatali, akuti kunali chiliza.

Kuno jezi ya buluu yachepa. Ana ambiri avala za Scottland, timu ya m'dera lomweli yomwe yangolowa kumene mu ligi yaikulu chaka chino. Mwini wake ndi a Pedzisai Sakupwanya, a bizinesi ya golide omwenso ndi phungu wa deralo, ndipo atenga osewera otchuka monga Khama Billiat. Mdzukulu wa amalume, mnyamata wa zaka 14, anandiuza mosabisa kuti iye Dynamos sanaionepo ikutenga ligi ndi maso ake, choncho saona chifukwa choivutikira. Agogo ake anamuyang'ana nthawi yaitali.

Ukaona mndandanda wa akatswiri a ligi kuchokera 2015, umamvetsa komwe mphepo yalowera. Chicken Inn, kenako CAPS United mu 2016, kenako FC Platinum ya ku Zvishavane kanayi motsatizana, Ngezi Platinum Stars mu 2023, Simba Bhora ya ku Shamva mu 2024. Ambiri ndi matimu a migodi, a makampani kapena a munthu mmodzi wandalama. Wosewera wabwino wa ku Mbare lero amapita komwe malipiro amabwera pakutha pa mwezi, ndipo sindingamudzudzule.

Mlamu wina kumeneko anati yankho ndi lapafupi, Dynamos igulitsidwe kwa munthu wandalama, nkhani ithe. Amalume, omwe anakhala chete chiyambire dzulo, apa anayankhula. Anafunsa kuti AmaZulu ya ku Bulawayo, akatswiri a 2003, ili kuti lero. Nanga Monomotapa ya 2008? Gunners ya 2009? Motor Action ya 2010? Onsewa anatenga ligi, onsewa anali m'manja mwa anthu ochepa andalama, ndipo onsewa anazimirira mu ligi yaikulu eni ake atatopa kapena thumba litauma. "Dynamos yadwala kangati? 2005 tinapulumuka tsiku lomaliza ku Masvingo. 2018 tinatsala pang'ono. Koma sinatulukepo mu ligi chiyambire, chifukwa ili ndi anthu. Mukaigulitsa kwa munthu mmodzi, tsiku lomwe adzatope mudzaipeza kuti?"

Ndikugwirizana nawo theka. Anthu alipodi, koma mdzukulu wawo yemwe wavala kale jezi ina. Makapu awiri a Chibuku Super Cup omwe timuyi inatenga mu 2023 ndi 2024 sanakwanitse kumubweza.

Lamulungu

M'mawa tinakapemphera ku CCAP. Mpingowu uli ndi sinodi yakeyake kuno ku Harare, yomwe inayamba chifukwa cha anthu a kwathu obwera kudzagwira ntchito. Nyimbo zina anaimba m'Chichewa, amayi a chigwirizano atavala zoyera ndi zakuda ngati kwathu komwe. Potuluka, mkulu wa mpingo wina anagwira amalume dzanja n'kuwanong'oneza kuti tionana ku bwalo.

Ku Rufaro tinafika masewero atatsala ola limodzi. Bwaloli linakhala lotseka kwa zaka zingapo ndipo linatsegulidwanso chaka chatha, choncho kwa anthu a mu Mbare kungoyenda wapansi kupita kukaonera timu yawo ndi chinthu chomwe anachisowa. Panja amagulitsa chimanga chootcha, mtedza, mbendera ndi zipewa za buluu. Msuweni anatitengera ku Vietnam, mbali yomwe kumakhala masapota enieni, ngakhale amalume masitepe anawavuta. Ng'oma zinayamba osewera asanatuluke. Anthu anali ochepa poyerekeza ndi zomwe amalume amafotokoza, mbali zina mipando ili pululu, koma phokoso la ku Vietnam limamveka m'chifuwa. Ena ananyamula zikwangwani zouza bodi kuti ichoke.

Mpira weniweniwo unali wa anthu amantha. Anyamata amathamanga, palibe anganene kuti samafuna, koma aliyense akalandira mpira amafuna kuuchotsa msanga kuti cholakwa chisapezeke pa iye. Otchinga kumbuyo amangoumenya kutsogolo, pakati palibe woukhazika pansi n'kuyang'ana. Chigawo chachiwiri mnyamata wina wosewera kumbali, wamng'ono thupi, anapyola anthu awiri bwinobwino, n'kutsala ndi goloboyi, mpira n'kuuponya pamwamba. Zomwe zinatuluka m'kamwa mwa anthu ondizungulira sindingazilembe pano. Anatukwanidwa iye, mayi ake, ndi mudzi wake. Kuchokera pamenepo sanayesenso kupyola munthu. Atamutulutsa anayenda mutu uli pansi, botolo la madzi likumutsatira kuchokera m'chikhamu.

Bambo wa ndowa uja anali mizere iwiri kumunsi kwathu. Ndinaona kuti iwo sanatukwane nawo.

Masewero anatha opanda chigoli. Pointi imodzi, timu ikadali kumunsi komweko. Gulu lalikulu linathamangira kuchipata chomwe akuluakulu a timu amatulukira, apolisi n'kutchinga. Msuweni anapita nawo. Ine ndinagwira amalume mkono n'kutsika nawo pang'onopang'ono.

Tikuyenda anandifotokozera momwe ndalama za pachipata zimagawidwira: khonsolo itengepo za bwalo, apolisi ndi alonda alipidwe, mabungwe oyendetsa mpira ndi masewero atengepo gawo lawo, timu itsale ndi zotsala. Kwathunso zili chomwecho, ndipo n'chifukwa chake timu yodalira chipata chokha singalemere ngakhale itadzaza bwalo. Kuyambira 2021 kampani ya mafuta ya Sakunda inalowa kuthandiza Dynamos ndi Highlanders, anthu n'kupumako, koma thandizo la kampani limabwera ndi nthawi yake yothera. Chomwe chimandiwawa n'chakuti chuma chenicheni cha timuyi ndinachiona ndi maso lero: anthu omwe agonja mlungu ndi mlungu koma abweranso, alipira, aimba mphindi 90. Jezi zomwe avala zambiri ndi za pamsika, timu sipezapo kanthu. Akanakhala ndi makhadi a umembala, aliyense n'kumapereka kangachepe pachaka, bwenzi mnyamata wakumbali uja akulandira malipiro ake. Koma munthu sapereka ndalama komwe saloledwa kufunsa.

Msuweni anafika kunyumba usiku, mawu atasasa.

Lolemba

Basi yanga ndi ya mawa m'mamawa, choncho lero ndinali wogula tinthu ta amayi ndi kulongedza. Azakhali andipatsa chiponde ndi nsalu yoti ndikapereke kumudzi.

Madzulo msuweni anabwera ndi pepala. Masapota a m'dera lawo akulemba kalata yopita ku bodi, ndipo akufuna kuti akuluakulu omwe anaiona timuyi kuyambira kale asaine nawo, kuti asanenedwe kuti ndi anyamata osokoneza. Anawawerengera amalume m'Chishona, n'kumandimasulira ine. Kalatayo inali yaukali, ndipo ndime yoyamba inatchula a Marriot ndi mawu onyoza.

Amalume anakana. "Munthu ameneyu ndinamuona akusewera iwe usanabadwe. Anali m'gulu la omwe anaiyambitsa timuyi pomwe munthu wakuda amasalidwa m'tauni. Ndikhoza kutsutsana naye, koma sindingasaine chipongwe."

"Ndiye tingokhala, bambo, mpaka titsike?"

"Sindinati tikhale. Chotsa zotukwanazo. Lemba kuti tikufuna makhadi a umembala. Lemba kuti tikufuna msonkhano wa pachaka woti atiwerengere ndalama. Lemba kuti anyamata alipidwe zawo masewero a mlungu uno asanafike. Ukalemba zimenezo ndisaina, ndipo ndipita nayo ndekha kutchalitchi kuti ena asainenso."

Anakangana mpaka nsima inafika patebulo. Msuweni amati mawu ofatsa akhala akulembedwa kwa zaka zambiri osayankhidwa. Amalume amati mawu otukwana ndiwo amapatsa munthu chifukwa chosayankhira. Atandifunsa, ndinaima ndi amalume, ngakhale mkwiyo wa msuweni ndikuumvetsa, ndipo sindikudziwa ngati kalata iliyonse ingasunthe anthu omwe akhala akukanganira timuyi m'makhoti.

Titadya, msuweni anatenga bolopeni n'kukhwatcha ndime yoyamba yonse. Akuti akaionetsa anzake mawa ku Siyaso, ndipo akudziwa kuti ena akana. Pano ali panja pa foni, akusonkhetsa ndalama za kombi yopita ku masewero a mlungu wamawa, omwe ndi akoyenda. Apeza kale anthu 11, akufunika ena 7 kuti kombi idzaze.